Nthenga ya Azakhali M'khutu Langa

Mdzukulu wanga Tadala, amene akuphunzira udokotala, wabwera kuno ku Nsaru. Dzulo ndinamupeza akutokosa m'khutu ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga. Ndinamulanda n'kukaponya pamoto.

"Agogo, anzanga onse kusukulu amatero!"

"Ndiye nonsenu mudzagonthetsa odwala, eti?"

Ndili mwana, azakhali ankandipana mutu pakati pa mawondo awo n'kumanditokosa ndi nthenga ya nkhuku, ati kuchotsa phula. Tsiku lina anaitembenuza nalowetsa mbali yolimba. Ndinamva kuti phu! Kenaka kutentha, magazi akutsikira m'khosi. Khutu lamanzere linangoti zii. Ndinkaganiza kuti alitseka dala kuti ndisamamve akamandinena ndi amayi.

Tsopano ndikudziwa kuti ankangofuna mwana waukhondo, koma mpaka lero khutulo silimva, ndipo munthu akandikhalira kumanzere, ndimasamuka.