Tsiku Limene Mwana Anasiya Kugunda M'mimba

Chinayamba ngati chifuwa wamba, kumayambiriro kwa Januwale, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa ndinkatsokomola mpaka misozi, ndipo ndikamapuma m'chifuwa munkalira ngati kamwana ka mphaka. Ndinati ndi mphepo ya m'nyanja basi, zitha zokha.

Ndimakhala ku Yofu, ndipo ntchito yanga ndi yophika chinangwa ndi kukazinga nsomba za utaka, n'kukagulitsa pamsika ku Chipyela. Nkhuni pachilumba pano n'zosowa, ndipo m'dzinja makala ochokera ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, amafika onyowa. Ndiye ife ophika tinazolowera kuyatsira mbaula majumbo, zidutswa za patapata wakutha, kapena kapaipi kofewa kamene asodzi ataya. Zimayaka ngakhale kukugwa mvula, koma umayenera kuwerama n'kumauzira, nkhope ili mu utsi wakuda bii. Chinangwa nachonso tinkachifunditsa jumbo mumphika kuti chipse msanga, n'kumuikira wogula mu jumbo ina chidakali chamoto.

Pofika Febuluwale, njira ya ku Chipyela inayamba kunditalikira. Ndinkatula beseni panjira kuti ndipume, amayi okalamba n'kumandipitirira. Lachiwiri lina m'mawa, nditangouzira moto, mpweya unakana kulowa. Ndinkakoka, osatheka. Amuna anga anali kunyanja. Mlamu wanga Monika, amene timaphikira pabwalo limodzi, anandipeza nditagwada, milomo itada, ndipo anathamanga kukaitana wa njinga yamoto.

Kuchipatala anandiveka kachigoba kotulutsa nthunzi ya mankhwala, n'kundipana kachipangizo pachala koyezera mpweya m'magazi. Ndili pabedi pomwepo ndinazindikira chinthu choopsa: mwana sanagunde chidzukire. Anali mwana wosakhazikika, wondimenya nthiti ndikangokhala pansi, koma tsiku limenelo anali zii. Namwino anaika kachitoliro pamimba, n'kusuntha, n'kusunthanso. Kenako anati, "Mtima ukumveka, mayi, koma chapansipansi. Inu mukapuma bwino, nayenso apuma."

Adokotala anauza Monika kuti ndikapanda kusintha pofika madzulo, andiwolotsa kupita kumtunda. Tonse tinkadziwa mmene nyanja inalili sabata imeneyo, mabwato ambiri anali pamchenga. Ndinachita mantha kwambiri, osati ndi mafunde, koma poganiza kuti ndikafika tsidya lija ndili ndekha m'thupi. Namwino ankabwera, kuyang'ana pachala, kuthira mankhwala ena, n'kupita. Ine manja anali pamimba, kudikira. Dzuwa litapendeka, chifuwa chinayamba kumasuka, ndipo posakhalitsa ndinamva kaphazi pansi pa nthiti. Ndinalira mokweza mpaka odwala anzanga anadzidzimuka.

Kutacha adokotala anandifunsa mmene ndimaphikira. Nditafotokoza anati, "Pulasitiki wofewa amamuthira mankhwala kuti azipindika. Akatenthedwa, mankhwalawo amatuluka, ena mu utsi, ena m'chakudya, makamaka chamafuta. Sindinganene kuti ndi okhawo akudwalitsani, koma muli ndi mphumu, ndipo utsi umenewo ukhoza kukupherani mwana." Anati alipo mapulasitiki opangidwira chakudya, opanda mankhwala amenewo, koma pamsika sungawasiyanitse ndi maso. Choncho chakudya chamoto ndi bwino chizikhudzana ndi chitsulo, galasi kapena masamba.

Ndinatuluka sabata isanathe, atandipatsa kampope kopumira. Kunyumba ndinayamba kusunga makoko a malambe ndi mitengo youma ya chinangwa pansi pa denga, n'kumayatsira zimenezo. Zimachedwa, sindinama, ndipo tsiku la mvula zimakwiyitsa. Mphika ndinaupezera chivundikiro chachitsulo, nsomba n'kumakulunga m'masamba a nthochi. Anzanga pamsika ankandiseka kuti ndabwerera m'nthawi ya makolo.

Mwana anabadwa kumapeto kwa Malichi, masiku asanakwane, wamkazi, wochepa thupi. Ndinamusunga pachifuwa panga monga anatiphunzitsira anamwino, mpaka ananenepa. Pano akukwawa, ndipo ine chifuwa chimandigwira mwa apo ndi apo, makamaka wina akamatentha zinyalala pafupi.

Amayi anzanga, chifuwa chikayamba kulira popuma, makamaka muli oyembekezera, musadikire kuti milomo ide. Mwezi wathawu ndinamva Monika akutsokomola kuseri kwa nyumba, ali ndi pakati pake poyamba, jumbo ikusungunuka pambaula. Anati, "Alamu, n'kachifuwa chabe, ndimalize kaye kuphikaku." Ndinathira madzi pamoto wake, n'kubereka mwana kumbuyo, ndipo tinanyamuka ulendo wa kuchipatala chinangwa chisanapse.