Injini yopanda chotenthetsera

Moni nonse.

Lero ndinapita ku Beech Grove kukatenga thiraki yanga kwa makaniko wa kwathu uja tinadziwana naye kumsonkhano wa mpingo. Tinagwirizana kuti injini yolowa m'malo ikhale ndi chotenthetsera chapamagetsi, chifukwa kuno ku South Bend, ku America, kukazizira, ya dizilo imakana kulira, ndipo ine ntchito kuchipatala ndimayamba mbandakucha.

Nditatsegula boneti, chingwe cha chotenthetseracho panalibe. Waika injini ina yochokera ku Florida, dera lotentha, osandiuza.

Nditamufunsa, anaseka. Akuti, "Bambo, inu ndinu opemphera, ikakana mudzangoisanjika manja."

Ana anga, chimwalirire mayi anu sindinapsepo mtima chonchi. Pemphero si chobisira ulesi. Makiyi ndamusiyira, ndabwerera pabasi.

Achimwene, ndimuuze ndekha aichotse injiniyo, kapena ndipite ndi akulu a mpingo? Pandekha ndikuopa pakamwa panga.