Pansi pa Bedi Pali Mwini Wake

Loweruka lapitali ndinatsitsa katundu wa anthu m'galimoto yathu n'kumuunjika m'mbali mwa msewu, mmodzi wa eni ake akuona. Sindinapepese, ndipo mpaka lero mtima wanga sunaphwe.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Chaka chatha amuna anga, bambo a Tadala, anagula chigalimoto chakale chogonamo, zija zimakhala ndi bedi, kasinki ndi kachitofu mkati. Azungu a kuno ku Wakefield amakonda kugula zimenezi akapuma pa ntchito. Ife tinagula chifukwa cha mwana wathu Tadala. Ndi mtsikana wamkulu tsopano, ali ku koleji, ndipo amayenda pa chikuku chamagetsi. Ulendo uliwonse wautali unkatisautsa. Hotela ina masitepe okhaokha, ina pakhomo la bafa chikuku sichilowa. Tinati bola tiziyenda ndi nyumba yathuyathu.

Koma m'galimotomonso chikuku sichinkalowa. Kumbuyo, pansi pa bedi, kuli malo osungira katundu okhala ndi chitseko chake chakunja. Amene anapanga galimotoyo anawagawa malowo timakabati ting'onoting'ono, toyenera nsapato ndi maambulera basi.

Bambo a Tadala anathera nyengo yonse yozizira m'menemo. Mkati mwa sabata amanyamula makatoni kuntchito, Loweruka n'kulawirira panja ndi sowo ndi tepi yoyezera. Anachotsa matabwa ogawa timakabati tija. Bedi analikweza pang'ono. Tayala lapadera, lomwe linkadya malo ambiri, analisamutsira kunja. Mipando yopinda ndi mapaipi a madzi anazikhomera mashelefu opyapyala kukhoma. Kenaka anakonza kamlatho kachitsulo kokwezerapo chikuku ndi malamba ochigwira kuti chisamagwedezeke pa msewu. Ulendo woyamba chogwirira cha chikuku chinagunda bedi, iwo n'kuphwasulanso zonse. Zala zinachita kung'ambika ndi chisanu. Tsiku limene chikuku chinalowa chitseko n'kutsekeka, munthu wamkulu uja anavina panja ngati wagoletsa chigoli.

Analakwitsa chinthu chimodzi. Anajambula malowo ali opanda kanthu, n'kuponya chithunzi pa gulu la pafoni la kumpingo kwathu, n'kulemba kuti Loweruka tikupita kunyanja cha ku Newcastle.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa kale, si choncho?

Ine sabata yonseyo ndinatanganidwa kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino. Loweruka m'mawa nditatsegula chitseko chija, ndinapeza mutadzaza katundu wa anthu. Matumba a ufa. Mayikulowevu. Sutikesi yomanga ndi chingwe. Makatoni a ziwiya opita kwa munthu wina amene akutumiza kontena kumudzi. Pamwamba pa zonsezo, matiresi opinda pakati. Aliyense anabwera ndi mawu omwewo, akuti kakatundu kochepa, mungokamusiyira mchemwali wanga ku Newcastle. Amuna anga nawo aliyense ankangomuyankha kuti palibe vuto, tiona.

Ndili chiimire choncho, anatulukira Mayi Gondwe, mmodzi wa amayi akuluakulu a kumpingo kwathu, atakumbatira chikatoni china.

"Mwadzuka bwanji, mayi a Tadala? Aka n'komaliza. N'ka mwana wanga, akuyamba placement, ntchito yophunzirira ija, Lolemba."

"Tadzuka bwino, amayi. Koma malo amenewa ndi a chikuku cha Tadala."

Anasuzumira mkatimo, n'kuyang'ana amuna anga.

"Aa, si weekend yokha? Wheelchair-yo mungoisiya. Bambo ake ali ndi mphamvu, azimunyamula. Tizithandizana, kuno n'kwa eni."

Tizithandizana! Mawu amenewa timawakonda bwanji pamene wothandizidwayo ndi ife.

Musandimve molakwika. Mwambo wotumizirana katundu ndimaudziwa, ndipo unatilera. Kwathu galimoto ikamapita kumudzi siipita yopanda kanthu, chifukwa ina idzapita liti? Wina amaikamo shuga wa amayi ake, wina malata, wina mankhwala a mwana. Kusiya mpata m'galimoto yotero n'kuipa mtima ndithu.

Koma kuno? Mabasi ndi sitima zopita ku Newcastle zilipo tsiku lililonse. Anthu onyamula katundu amachita kubwera pakhomo, ndipo Mayi Gondwe omwewo amawadziwa bwino akagula nsapato pa foni. Ufa nawo, kodi ku Newcastle kulibe masitolo a zakudya za kwathu? Tinawoloka nyanja ndi mwambo, chifukwa chake n'kuchisiya pa bwalo la ndege.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sitifunsa. Tikaona mpata m'galimoto ya mnzathu, m'galaja yake, m'chipinda chake chogona alendo, timangoti ndi wa tonse. Sitiganiza kuti mpatawo wina anauvutikira, kapena kuti ukudikira mwini wake. Pa anthu onse amene anaona chithunzi chija, palibe amene sakumudziwa Tadala. Amamupatsa moni Lamulungu lililonse, ena amamusisita m'mutu ngati kamwana. Kodi panalibe ndi mmodzi yemwe woti adzifunse chifukwa chake bambo wa mwana woyenda pa chikuku wakonza malo aakulu chotero, okhala ndi kamlatho ndi malamba?

Amuna anganso sindikuwasiya. Munthu anapirira chisanu miyezi yonse ija, koma mawu akuti ayi anamukanika. Ambirife tili ndi matenda omwewo. Timaopa kuti atinena kuti tayamba kudzimva, kuti tasanduka azungu. Ndiye timavomera ndi pakamwa, mtima ukukana, ndipo amene amavutika nazo ndi a m'nyumba mwathu momwe.

Mayi Gondwe akuyankhula zija, Tadala anali pa geti, atavala kale jekete yake ya ulendo. Chichewa amamva chonse ngakhale amayankha m'Chingelezi, monga amachitira ana obadwira kuno. Anandiitana motsitsa mawu.

"It's fine, Mum. I can just stay in the van."

Akuti palibe vuto, azikangokhala m'galimoto. Tipite kunyanja, ife tizikayenda, iye azikaonera pa windo pamodzi ndi matumba a ufa.

Apo ndiye ndinagwira matiresi aja n'kuwakokera pansi.

"Mayi a Tadala, anthu atiti chiyani?" anatero amuna anga.

"Anene zimene anene. Gwirani mbali iyo, mayikulowevuyi ndi yolemera."

Anamuyang'ana mwana wawo, n'kugwira. Tinatsitsa zonse, ndipo ndinalemba pa gulu lija kuti aliyense abwere adzatenge chake mvula isanayambe. Mayi Gondwe anachoka ndi chikatoni chawo osatsanzika. Chikuku chinakwera pa kamlatho kake, malamba n'kumangidwa, chitseko n'kutsekeka bwinobwino.

Kunyanjako kunali mphepo yozizira, koma Tadala anayenda yekha mumsewu wa simenti wa m'mbali mwa madzi mpaka tinangomuona ngati kadontho. Anabwerako tsitsi lili nyankhalala, akuseka, atagula tchipisi choti tidye tonse.

Ndamva kuti pa foni anthu akundinena, ndipo ena moni wanga sakuyankha. Zimenezo sizikundisowetsa mtendere. Chikundiwawa ndi changu chimene mwana wanga anavomerera kutsala. Sanaganize n'komwe. Mawu aja anali okonzeka kale pakamwa, ngati a munthu amene anazolowera kupatsa ena malo ake kuti asavutitse anthu. Ku koleji samuphunzitsa zimenezo, kumeneko amamutsegulira zitseko. Nanga anaziphunzira kwa yani, ngati si kwa ife anthu a kwawo, amene tinaona kuti thumba la ufa liyenera kufika ku Newcastle kuposa chikuku chomwe ndi miyendo yake?