Ndinagula Fakitale Ngati Belo la Kaunjika

Ndiyambe ndi kuvomera, poti ndatopa ndi kuloza ena chala. Fakitale imene inathyola mwendo wa mkazi wanga ndinagula ndine, maso ali otsegula, nditaiyendera nthawi yochepa kuposa imene munthu amatha posankha nsapato. Inu owerenga, mukamva kuti ine ndi katswiri wonenerera mitengo musatsutse, n'zoona. Koma imvani kumene ukatswiriwo unandifikitsa.

Ntchito yanga ndi ya kaunjika mumsika wa Ndirande. Amene anaodapo belo akudziwa lamulo lake: sutsegula usanalipire. Umalizungulira, kuligunda ndi bondo, kenako n'kuyamba kulinyoza. Ukangoonetsa kuti walikonda, mtengo umakwera pomwepo. Ndiye umati likununkha chinyezi, umati muli masanza okhaokha, umatembenuka ngati ukupita, mpaka mwini wake akuitane. Njira imeneyi inandimangira nyumba ndi kundigulira puloti ku Machinjiri, choncho ndinkaikhulupirira kuposa ulaliki wa abusa.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi telala. Anali ndi makina anayi opalasa ndi mwendo, amene anagula pang'onopang'ono ndi thukuta lake, ndipo ankasokera pakhonde pamodzi ndi amayi anzake atatu. Mvula ikayamba ankathamangitsira nsalu za eni ake m'nyumba. Chimene ankapempha chinali chipinda cha denga labwino, basi. Sanapemphepo fakitale. Fakitale inali maganizo anga, chifukwa matipate atangolowa aliyense mu Blantyre muno ankafuna kutchedwa bwana, ndipo makampani ang'onoang'ono ankatseka n'kumagulitsa malo awo.

Ndinamva kuti kumunsi kwa Ndirande, pafupi ndi mtsinje, kukugulitsidwa nyumba imene kale ankapangiramo sopo. Mwini wake sindimutchula dzina. Tingoti a Tayi, poti tayi sinkachoka pakhosi pawo ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mutu.

Mchimwene wa mkazi wanga ndi mmisiri womanga nyumba, amakhala ku Bangwe. Atamva nkhaniyi anakwera minibasi ziwiri n'kufika kwathu ndi nyundo ndi tepi, makwerero atabwereka kale kwa mnzake. Anandipempha tsiku limodzi lokha, kuti akwere padenga, agogode zipilala, afunse oyandikana nawo. Ine ndinaseka.

"Alamu, mukafika ndi makwerero anuwo munthuyo adziwa kuti taifera nyumbayo. Inu mumadziwa simenti, ine ndimadziwa anthu."

Anamwa tiyi wake n'kubwerera ku Bangwe. Mkazi wanga anandiyang'ana, koma poti pa nkhani ya mitengo ndinali ndisanagonjepo, anabwerera ku makina ake.

Ndinapita ndekha, nditavala shati yakutha kuti ndioneke wosauka. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti zonse ndinaziona. Laimu watsopano anali atapakidwa kuchokera pansi kulekeza m'chiuno mokha. Zipilala zachitsulo zogwira denga zinali zitamatidwa simenti yatsopano kumunsi kwake, ngati zavala masokosi. Masoketi a magetsi anali pamwamba, molingana ndi phewa. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, bedi lake linali pamwamba pa migolo inayi. Ndinamuseka, ndati kodi madala mukuopa makoswe? Iye anayang'ana a Tayi kaye, n'kuyankha chapansipansi kuti Januwale wa kuno ndi wovuta. Ine sindinafunsenso. Wonenerera mtengo safunsa mafunso ambiri, amaopa kuoneka wachidwi.

Kenako ndinayamba ntchito yanga. Ndinati nyumbayi ili m'dambo, madzi amalowa. Ndinati soda wa sopo anadya zitsulo zonse. Ndinati khoma lakumbuyo lapendekeka. Inu owerenga, kumbuyoko sindinafikeko n'komwe. Ndinkangopeka monga ndimapekera pa belo, chilichonse chobwera pakamwa. A Tayi anagwira pamtima n'kumati mukundipha achimwene, ana anga adya chiyani. Ndinayenda mpaka pageti, anandiitana. Ndinayendanso, anandiitananso. Pomaliza mtengo unatsika pafupifupi ndi theka.

Apo ndi pamene anandipempha kanthu kakang'ono. Anati poti atsitsa chonchi, abale awo adzawaganizira kuti abisa ndalama, ndiye zifukwa zimene ndanenazo zilembedwe m'pangano. Ine ndi mtima wodzitama ndinavomera, ndipo ndinachita kuwayitanira mawuwo mmodzimmodzi ngati mphunzitsi, iwo akulemba. Ndinagulitsa puloti ya ku Machinjiri, kuphatikiza ndi zonse ndinasunga, n'kusaina. Mlungu wonse mumsika anzanga anatopa nane, ndikufotokoza mmene ndinaliritsira munthu wa tayi.

Tinalowa mufakitalemo mu Novembala. Mayi a Tadala anakolopa, anaika makatani, anandanditsa makina ake anayi pansi pa mawindo. Sindinamuonepo akusangalala chotero. Mlonda uja posiya ntchito anamunong'oneza kuti nsalu aziika pamwamba. Atandiuza, ndinati ndi nkhani za okalamba ofuna kupatsidwa ya fodya.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Phiri la Ndirande linali litayamba kale kumetedwa mitengo, ndiye madzi ankatsika ngati akuthamangitsidwa. Tsiku lachinayi masana madzi analowa mufakitale, osati pakhomo ayi, koma kutumphuka pansi. Pakati pa nyumbayo panali ngalande yakale yotayira madzi a sopo, imene munthu wina anaikwirira ndi zibuma n'kutsirapo kasimenti pamwamba. Amayi aja anathawira panja. Mkazi wanga anabwerera kuti akakoke makina ake oyamba, amene anayamba nawo ntchito asanakwatiwe. Khoma lakumbuyo linagwa, chipilala chimodzi chinathyoka, ndipo mtanda wa denga unamugwera pa mwendo wamanja. Nthawi imeneyo ine ndinali mumsika, nditabisala pansi pa pepala la pulasitiki, ndikukangana ndi munthu pa mtengo wa buluku.

Mawa lake, mkazi wanga ali m'chipatala ndi chikhakha mpaka m'ntchafu, mlamu wanga anandiuza kuti tipite kufakitale. Anatulutsa nyundo yomwe ija, n'kumenya kamodzi kokha kumunsi kwa chipilala china chimene chinali chikanaima. Simenti inayoyoka. M'kati munalibe chitsulo, munali dzimbiri lofumbutuka ndi chala ngati chigumu chouma. Sanandinyoze, ndipo bwenzi zili bwino akanandinyoza. Anangoti, "Nyundo imodzi, alamu," n'kuibweza m'chikwama.

Ndinathamangira kwa loya wina ku Limbe nditalusa, ndikufuna a Tayi amangidwe. Loyayo anawerenga pangano mokweza. Wogula waona ndipo wanena yekha kuti madzi amalowa, kuti zitsulo zinadyeka, kuti khoma lakumbuyo lapendekeka, ndipo pa zifukwa zimenezi wachotseredwa mtengo. Anandifunsa kuti mawuwo ndi a ndani. Ndinati ndi anga, koma ndinkangonama, ndi mmene timanenerera mitengo. Anavula magalasi.

"Bambo, ndiye tikauze khoti kuti anakubisirani chiyani? Zikuoneka kuti tsiku limene munanena zoona pa malonda ndi limeneli."

Ndinalipira kuti ndimve chipongwe chimenecho.

A Tayi ndimakumana nawo m'tauni, amandiimbira hutala n'kukweza dzanja. Munthu ameneyu ankadziwa kuti pansi pa denga limenelo pakhala amayi akusoka, chifukwa ndinamuuza. Anamata dzimbiri ndi simenti, anapaka laimu pamene madzi ankalekeza, ndipo Lamulungu amapita kutchalitchi ndi tayi yake. Sindinamukhululukire ndipo musandiuze kuti nditero. Koma ukali wanga waukulu uli pa chitsiru chimene chinabweza mmisiri waulere ku Bangwe poopa kuoneka chachidwi, ndipo chitsirucho ndimachimeta ndevu m'mawa uliwonse.

Mwendo unapola mokhota. Mayi a Tadala sangathenso kupalasa makina. Makina atatu anaphwanyika, ndipo amodzi otsalawo tinawaika chogwirira chopukusa ndi dzanja. Anabwerera pakhonde lomwe lija, yekha.

Inu amene mukuona makampani akutseka n'kumati mwayi ndi uno, nyumba si belo. M'belo mukapezeka masanza mumagulitsa ngati zokolopera, palibe amene amathyoka. Musanasaine, tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, akwere padenga, agogode chipilala chilichonse, afufuze kumene madzi amapita. Funsani chimene ankapangamo kale, chifukwa mankhwala amadya nyumba mwakachetechete. Pamene papakidwa chatsopano mpomwe muyambire kukanda. Mlondayo mucheze naye bwana wake atachoka. Ngati n'kotheka dikirani mvula. Mtengo ukwere ngati ukukwera. Ndipo wogulitsa akamatsika mosavuta, musadzitame, funsani chimene akuthawa.

Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Zingwangwa wofuna kugula fakitale ija kuti aikemo chigayo. Khoma ndinali nditalimanganso, ndiye nyumbayo inkaoneka bwino. Anabwera yekha, atavala shati yakutha. Anagunda khoma ndi phazi n'kuyamba kunyoza, akuti pano madzi ayenera kuti amalowa, zitsulozi ziyenera kuti zinatha. Ndinadziona ndekha. Ndikanangogwira pamtima n'kupempha kuti tilembe, bwenzi puloti yanga itabwerera. Sindikunamizani, dzanja linafika m'thumba la shati mmene munali cholembera. Koma ndinapita pakona, ndinatenga nyundo n'kumupatsa, ndati menyani apo, kumunsi kwa chipilala. Anamenya, anayang'ana, n'kunyamuka osatsanzika bwino.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi a Tadala pakhonde, dzanja limodzi likupukusa, lina likuwongola nsalu, mwendo uja atausanjika pa kampando. Anandifunsa osadzutsa mutu ngati munthuyo wagula. Ndinati ayi, ndinamupatsa nyundo. Makina anaima pang'ono.

"Mwayamba kudziwa simenti, bambo a Tadala," anatero, n'kupitiriza kupukusa.