Kaseti Imene Inaitana Maliro

Nditakwatiwa, amuna anga ananditengera kukampu ya masikauti olondera nyama zakutchire, m'malire a paki. Nyumba zinali zochepa, kumbuyo tchire, kutsogolo mtsinje wa Luangwa. Mvula ikayamba, msewu unkasanduka phala, moti ngakhale ku Msoro kwa amayi sindinkapondako. Kukatunga madzi mpaka wamfuti akuperekeze, kuopa njovu. Ndinali ngati nkhuku yomangidwa mwendo, ndipo ndinkadana nawo malo amenewo.

Chonditonthoza chinali kaseti imodzi. Mlongo wanga, yemwe ankachapa zovala kuloji yogona alendo, anapatsidwa ndi mlendo wina wachizungu, iye n'kundiponyera ine poti inkamugonetsa tulo. Munalibe woimba ndi pakamwa, mavayolini okhaokha, oyamba monong'ona kenako n'kudzaza nyumba yonse. Dzina la nyimboyo sindilidziwa mpaka lero. Ndinkangoikonda basi. Ndikaitsegula uku ndikusita yunifolomu, mtima wanga unkaoloka mtsinje n'kupita kutali.

Masiku onse ndinkaitsegula motsitsa. Koma m'mawa wina, amuna anga atakhalitsa m'tchire kulondera nyama kuti mapocha asaziphe, ndinatopa nako kubisa. Ndinakweza wailesi mpaka pamapeto.

Ndinaiwala kuti kwathu kuno nyimbo zotere zimamveka pawailesi pokhapokha dziko likamalira munthu wamkulu. Posakhalitsa ndinangoona amayi a pakampu akubwera mondondozana, zitenje atamanga m'chiuno, n'kukhala pakhonde. Mkazi wa akulu a kampu anayambitsa kulira, enawo n'kulandira.

"Pepani, anzathu," anatero mayiwo. "Ndi njovu kapena mapocha?"

Ndinawafotokozera uku ndikuseka ndi manyazi. Palibe anaseka nane.

"Amuna anu ali m'tchire, inu n'kumaika nyimbo za maliro?" anandifunsa akupukuta misozi. "Mukufuna kutiitanira malodza pakampu pano?"

Amuna anga atabwera, nkhaniyo anaimva asanavule n'komwe nsapato. Sanakalipe. Anatulutsa kaseti ija m'wailesi, kusolola tepi yonse, n'kukaimangirira pa timitengo m'dimba kuti izithamangitsa mbalame kumapira. Mbalamezo zinathawadi, ndipo anthu anawayamikira nzeru.

Ine ndinkapalira pafupi nayo, ikung'anima padzuwa. Mphepo ikawomba inkalira pang'ono, ndipo ndinkaimitsa khasu n'kutchera khutu ngati chitsiru. Tsiku limene dzuwa linaidula, ndinalowa m'nyumba n'kulira maliro enieni. Pakhonde sipanabwere munthu.