Foni Yanga Inandichitira Umboni

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, ndili mkati mosita malaya a amuna anga, kwathu ku Kawale. Anali apolisi awiri. Wamkazi anati, "Amayi, tengani chitenje ndi foni yanu. Sitikachedwa."

Ndinkagwira ntchito yotayipa ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni. Mwezi umenewo kampani ina inapereka mapepala ofotokoza malo amene idzamangepo nsanja zatsopano za netiweki. Nkhaniyo inakambidwa chitseko chili chotseka, ndipo tonse tinalumbira kuti sitidzaulula. Posakhalitsa mapepalawo anapezeka ku kampani yopikisana nayo. Munthu wotsiriza kuwagwira ndinali ine.

Za m'chitolokosi sindinena zambiri. Tinkagona mosinthana chifukwa malo anali ochepa. Ndowa inali pakona.

Lachinayi ananditengera kwa wapolisi wofufuza, bambo wa imvi, wolankhula motsitsa mawu.

"Loweruka lija masana, pamene mapepala ankajambulidwa ku ofesi, munali kuti?"

"Kunyumba, bwana."

"Amayi, foni yanu ikuti munali ku Mgona."

Anayamba kuwerenga pakompyuta. Nthawi imene ndinakwera minibasi, nsanja imene inandiona ku depoti, ina imene inandilandira ku Area 25. Anabwerera m'mbuyo Loweruka ndi Loweruka, osaphonya. Ndinaiwala mantha. Zitsulo zimene ndinkazidutsa osazilabadira zinkakumbukira mayendedwe anga kuposa ine mwini.

Ku Mgona kunali bambo anga ondibereka. Anatithawa tili ana, ndipo abale anga analumbira kuti ngakhale ku maliro awo sadzapita. Ndinawapeza akudwala, ali okha, ndipo ndinkapita kukawasambitsa ndi kuwaphikira. Palibe amene ankadziwa, ngakhale amuna anga.

Ndinafotokoza zonsezi. Wapolisiyo anati, "Ndiye mukanalolera kupita ku ndende?"



Anaitanitsa amuna anga kuti awafunse zimene ankadziwa pa nkhaniyi. Chinsinsi cha kampani chinatchingidwa ndi malamulo ndi malumbiro. Changa chinawerengedwa mokweza, anthu akulowa ndi kutuluka.

Ananditulutsa Lolemba lotsatira. Amene anajambula mapepala aja ndinamva kuti anapezeka, koma sindinafunse dzina lake. Amuna anga ankandidikirira pa geti. Tinayenda mpaka pa siteji, pamene anati, "Loweruka ndinapita ku Mgona. Bambo anadya, ndinawametanso ndevu. Akufunsa kuti mubwera liti."

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Kale ndinkaganiza kuti ufulu ndi kuyenda osaonedwa ndi wina aliyense. Ufulu umenewo ndinazindikira kuti sindinakhalepo nawo, ndipo ndikaona nsanja zija ndimachitabe mantha. Koma Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Mgona nditanyamula mtanga wa chakudya poyera, ndipo mnansi wanga atandifunsa kumene ndinkapita, ndinamuyankha kuti, "Kwa bambo anga."