Bokosi la mabuku a eni ake

Ndinali ndi zaka naini pamene mzungu wina wa pa kampu ya alendo ku Chinzombo anabweretsa bokosi la mabuku pasukulu yathu. Anali atsopano, a zithunzi zowala. Anati akutibwereka, ndipo teremu iliyonse azidzasintha ndi ena.

Ahedi athu, a Mwanza, anakondwa ngati apatsidwa njinga. Tsiku lomwelo analamula kuti mabuku athu akale, odyedwa ndi chiswe m'mbali, achoke m'kabati. "Zinyalala izi zitichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatero.

Atsikana ndife tinawasenza kupita nawo kudzala. Amayi ogulitsa nsomba anatolako ena oti azikulungira malonda. Ndinaona tsamba la masamu litanyowa ndi mafuta a mlamba, ntchentche zitaunjikana pamenepo.

Ndinabisa buku limodzi m'diresi, la sayansi, lopanda chikuto. A Mwanza anaona potupa, nandikwapula katatu m'manja ati ndaba. Kuba chinthu chotayidwa! Analiponyanso kudzala, koma poweruka ndinakalitola.

Mvula itayandikira, mzungu uja anasamuka. Kunabwera galimoto, dalaivala anatseka bokosi, ulendo. Mayeso anali atatsala milungu itatu, ndipo m'kabati munangotsala ndowe za abuluzi. A Mwanza anandiitana, maso ali kuwindo.

"Iwe Tisa, paja buku lija ukali nalo?"

Sanapepese. Kalasi yonse inakopera m'buku langa lonunkha dzala, ine nditaimirira pomwepo kuti lisasowe.

Tsopano mdzukulu wanga Esnati ali ku yunivesite. Pa holide anandiuza monyadira kuti ku laibulale kwawo anachotsa mashelufu ambiri, mabuku ali pa kompyuta, sukulu imalipira chaka ndi chaka kuti aziwawerenga.

"Ambuya, ndi ochuluka kuposa akale!"

"Nanga sukulu ikaleka kulipira?"

"Eni ake a mabukuwo amatseka," anayankha akuseka.

Ndinalavula pansi. Ophunzira onsewo, a magalasi awo, kuganiza ngati a Mwanza! M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Mambwe kukamugulira makope asanu. Ndinamuuza kuti chilichonse chimene akufuna pa mayeso akopere ndi dzanja lake. Akuti ndine wachikale, ndipo sindikukhulupirira kuti akulembadi. Akadzabweranso pa holide ndidzatsegula makopewo ndekha.

Sindikana kuti mabuku a m'bokosi anali abwino, ndinawawerenga ndithu. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti bokosi la eni ake, kaya likhale la matabwa kaya la kompyuta, lili ndi dalaivala wake, ndipo safunsa kuti mayeso ndi liti.